SPF kapena DKIM: ndi iti yoyenera kuidalira kuti imelo ya pa domeni yanu ifike?

Munthu akagula domeni yakeyake (dzina la pa intaneti monga example.com) n'kuyamba kutumiza maimelo a dzina lake, posachedwa amakumana ndi vuto ili: uthenga watumizika bwinobwino, koma wolandira sakuuona, kapena akuupeza mu sipamu. Gwero lake ndi lakale. SMTP, njira imene maseva (makompyuta otumiza ndi kulandira mauthenga) amapatsirana maimelo, inalembedwa mu 1982, ndipo sifunsa ngati wotumizayo ndi mwinidi wa dzina limene walemba. Mpaka lero aliyense angathe kuika adiresi yanu pa mzere wa From. N'chifukwa chake Gmail, Yahoo ndi Outlook amafuna umboni. Umboniwo ndi wa mitundu iwiri, SPF ndi DKIM, ndipo ambiri amaika SPF yokha n'kuganiza kuti ntchito yatha. Ine ndikuti ngati pali imodzi yoti muiikire mtima kwambiri, ikhale DKIM.

SPF imakopa chifukwa ndi yosavuta. Ndi mzere umodzi wa mawu, wotchedwa rekodi ya TXT, mu DNS ya domeni yanu (DNS ndi kaundula wa pa intaneti wa madomeni), wotchula maseva amene mwawalola kutumiza m'dzina lanu. Wogwiritsa ntchito Google Workspace amalemba v=spf1 include:_spf.google.com ~all, wa Microsoft 365 amaika include:spf.protection.outlook.com, basi. Seva yolandira imaona adiresi ya IP (nambala yozindikiritsa seva pa intaneti) imene uthenga wachokera, n'kuyang'ana ngati ili pa mndandandawo.

Koma imayang'ana mndandanda wa domeni iti? Apa ndi pamene anthu ambiri amasochera. SPF sikhudza adiresi ya From imene munthu amaona. Imatsimikiza adiresi ina yobisika, ya Return-Path, kumene maimelo okanika amabwerera. Mukamatumiza nkhani kapena malisiti kudzera ku kampani yotumiza maimelo ambiri, nthawi zambiri Return-Path imakhala ya kampaniyo. SPF ipambana ndithu, koma yatsimikiza dzina lawo, osati lanu.

Chachiwiri, SPF imafooka uthenga ukapititsidwa kwina. Tiyerekeze kuti kasitomala wanu ali ndi adiresi ya kuntchito imene imapititsa yokha maimelo onse ku Gmail yake. Gmail iona uthenga ukuchokera ku seva ya kuntchito kuja, imene siili pa mndandanda wanu, ndiye SPF ilephera inu musanalakwe kanthu. Ndipo palibe chimene mungachite, chifukwa simudziwa kuti ndani akupititsa maimelo kuti.

Palinso malire amene amapweteka mwakachetechete. Poyesa SPF, seva yolandira siloledwa kufunsa DNS kupitirira ka 10. Include iliyonse, mawu aja olozera ku mndandanda wa kampani ina, imawerengedwa, pamodzi ndi zina zimene zabisala m'kati mwake. Mukaonjezera ya maimelo a ofesi, ya nkhani za mwezi ndi mwezi, ya malisiti, ya chithandizo cha makasitomala, tsiku lina mungadutse 10, ndipo rekodi yonse imakhala permerror, kutanthauza kuti siigwiranso ntchito, popanda wokuuzani. Chimodzimodzi mukaika marekodi awiri a SPF pa domeni imodzi. Amafunika kuphatikizidwa kukhala imodzi.

DKIM ikuchita mosiyana. SPF ili ngati kufunsa kuti wabweretsa kalatayu timamudziwa kodi, pamene DKIM ili ngati chidindo pa kalatayo, chimene chimakhalapobe ngakhale idutse m'manja ambiri. Seva yotumiza ili ndi kiyi wachinsinsi amene imasainira naye thupi la uthenga ndi mizere ina ya pamwamba, kuphatikizapo From. Kiyi mnzake, woonekera kwa onse, mumamuika mu DNS pa dzina ngati google._domainkey.example.com, pamene example.com ikuimira domeni yanu. Wolandira amatenga kiyi ameneyo n'kuona ngati siginecha ikugwirizana. Ikagwirizana, ndiye kuti uthengawo unasainidwa ndi domeni yolembedwa pa d= m'siginechamo ndipo sunasinthidwe m'njira. Kasitomala wopititsa maimelo uja sakhalanso vuto, chifukwa DKIM ilibe nazo ntchito zoti ndi seva iti yafikitsa uthenga.

Ubwino wina ndi woti ilibe malire a 10 aja. Kampani iliyonse imene mumatumizira kudzera kwa iyo imakhala ndi selector yake (mawu oyamba a dzina lija, monga google) ndi kiyi wake, ndipo mukasiyana nayo mumangochotsa rekodi yakeyo, zina zonse osakhudzidwa.

Mtengo wake ndi ntchito. Muyenera kuiyatsa paliponse pamene mumatumizira, malo aliwonse paokha, ndipo pamene mwaiwala mpamene padzakuvutitseni. Ku Google Workspace, ngati simunapange kiyi wanu mu Admin console n'kuyatsa kusaina, maimelo amasainidwabe, koma ndi domeni ya gappssmtp.com, osati yanu. Ku Microsoft 365 mumaika marekodi awiri a CNAME (rekodi ya DNS yolozera ku dzina lina), selector1 ndi selector2, kenako n'kuyatsa. Kiyi akhale wa mabiti 2048. Wamfupi ndi woopsa zenizeni: mu 2012 zinadziwika kuti katswiri wa masamu Zachary Harris anathyola kiyi wa mabiti 512 amene Google inkagwiritsa ntchito, n'kutumiza imelo yooneka ngati yochokera kwa mmodzi wa eni kampaniyo. Kiyi wa 2048 ndi wamtali kuposa zilembo 255 zimene chidutswa chimodzi cha TXT chimalola, choncho amagawidwa pawiri. Makampani ena a DNS amagawa okha, ena amafuna mugawe nokha. DKIM imathyokanso ngati wina m'njira wasintha uthenga, monga makina amene amaonjezera mawu kumunsi kwa imelo iliyonse.

Chimene chimagamula mpikisanowu ndi DMARC, lamulo limene mumaikanso mu DNS, imene inayamba mu 2012. Iyo siyesa chatsopano. Imatenga zotsatira za SPF ndi DKIM n'kufunsa funso limene zonse ziwiri zinasiya: kodi domeni imene yatsimikizidwayo ndi yomweyo imene ili pa From? Imodzi yokha ikapambana ndi domeni yogwirizana, DMARC yapambana. Tsopano onani maimelo anu otumizidwa kudzera ku kampani ija: SPF yapambana ndi dzina lawo, DMARC siiwerengera. Onani opititsidwa kwina: SPF yagwa. M'malo onse awiriwa chimene chimakupulumutsani ndi DKIM yosainidwa ndi domeni yanu. Makampani ena amalola kuti muike Return-Path yanuyanu ndi CNAME imodzi kuti SPF nayo igwirizane, ndipo ngati mwayiwo ulipo utengeni.

Sindikunena kuti SPF muitaye. Kuyambira Febuluwale 2024, Gmail ndi Yahoo amafuna kuti wotumiza aliyense akhale ndi SPF kapena DKIM, ndipo wotumiza ambiri, amene Gmail imawerenga kuyambira pa 5,000 patsiku, akhale ndi zonse ziwiri komanso DMARC. Microsoft inatsatira pa Outlook.com mu Meyi 2025. Ngakhale mutumize makumi awiri okha patsiku, ikani zonse zitatu; SPF ndi ya mphindi zochepa.

Mathero a mzere wa SPF amakanganitsanso anthu. -all imauza wolandira kuti seva ina iliyonse ndi yachinyengo, ~all imangoti ikayikiridwe. Yoyamba ikuoneka yolimba, koma maseva ena amakana uthenga pomwepo asanaone n'komwe siginecha ya DKIM, ndiye imelo yoona yopititsidwa kwina imatayika. Ngati DMARC yanu ikugwira ntchito, ine ndimasankha ~all n'kusiyira DMARC chigamulo. Malo oyenera -all ndi domeni imene situmiza imelo konse: v=spf1 -all pamodzi ndi p=reject ya DMARC, youza wolandira kuti akane uthenga wolephera, kuti achinyengo asaibwereke.

Pa DMARC penipenipo, yambani ndi p=none, imene imangoyang'anira osatseka uthenga, pa _dmarc.example.com ndipo musaiwale rua, adiresi yolandirira malipoti. Malipotiwo amabwera mu XML, ovuta kuwerenga ndi maso, koma pali zida zowamasulira, ndipo amaonetsa seva iliyonse imene ikutumiza m'dzina lanu. Umu ndi mmene mumapezera fomu ya pa webusaiti kapena pulogalamu ya malisiti imene inaiwalika. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi madomeni amene amakhala pa p=none zaka ndi zaka. Imeneyo imakwaniritsa lamulo la Gmail, koma siiletsa munthu aliyense kunamiza makasitomala anu ndi dzina lanu. Malipoti akaonetsa kwa masabata angapo kuti maimelo anu onse akupambana, pitani ku p=quarantine, yotumiza uthenga wolephera ku sipamu, kenako p=reject. Kudumphira ku reject tsiku loyamba n'koopsanso, chifukwa mungatseke maimelo anu enieni.

Zonsezi zimangotsimikiza kuti wotumiza ndi inu. Sizikakamiza wina kukonda zimene mwatumiza. Google imati madandaulo a sipamu asafike 0.3 peresenti, ndipo mungawaone mu Postmaster Tools, chida cha Google cha otumiza maimelo. Wotumiza kwa anthu amene sanapemphe adzagwerabe mu sipamu ndi siginecha yake yabwinoyo.

Kuti mudziwe pamene muli, dzitumizireni imelo ku Gmail kuchokera pa njira iliyonse imene mumatumizira, osati ya ofesi yokha, kenako tsegulani uthengawo n'kusankha Show original. Mawu oti PASS asakukhutiritseni msanga. Yang'anani domeni imene yalembedwa pambali pa DKIM, ndipo ngati si yanu, yambani kukonza pamenepo.