Kabokosi ka miyala yogwa kumwamba: nyenyezi 4 pa 5, koma dzimbiri lokhalo

Kabokosika ndinaoda pa intaneti, mlamu wanga ndi amene anabwera nako pochokera ku UK chifukwa za positi ndinaopa. Papita miyezi isanu ndiye ndati ndilembe poti ena munkafunsa ngati si zakuba izi.

Mkati muli timiyala tinayi, kalikonse mu kabokosi kake ka pulasitiki ndi kapepala ka dzina, kulemera kwake ndi mtundu wake. Anaikamonso maginito kamodzi kamphamvu kwambiri ndi kagalasi kokulitsira ka 10x. Tsiku loyamba ndinakhumudwa osanama, timiyala take ndi tating'ono ngati mtedza, mayi a kunyumba anangoyang'ana nkuti ndalama zonse zija ndi zimenezi? Pa chithunzi timaoneka ngati mazira, kulemera analemba bwinobwino mu magalamu koma ine sindinawerenge, vuto langa limenelo.

Kamene ndimakakonda ndi ka Sikhote-Alin, chitsulo chimene chinagwa ku Russia pa 12 February 1947 anthu akuona. Kali ndi timaenje ngati wina anadinda chala pa dongo lofewa, ndi mmene kanasungunukira pobwera mu mpweya, ndipo ukakanyamula dzanja limadabwa, kulemera kwake sikugwirizana ndi msinkhu. Kenako ka Muonionalusta ka ku Sweden, kameneka anakacheka nkukapaka asidi ndiye kamaonetsa mizere yopingasana ngati malukidwe a mphasa, amati Widmanstätten, imapangika chitsulo ndi nickel zikamazizira pang'onopang'ono kwa zaka mamiliyoni, kufakitale sangaipange. Ka NWA 869 ka ku chipululu cha Sahara ndi kamwala osati chitsulo, maonekedwe ake palibepo, ungakataye poganiza kuti ndi kwale, koma ndi kamene kandiphunzitsa zambiri. Ukaika kagalasi kaja pa mbali yochekayo umaona timipira tozungulira, ma chondrule, ndi tizitsulo tonyezimira apo ndi apo. Miyala yambiri imene imagwa ndi ya mtundu umenewu, wotchedwa chondrite, ngakhale ija inagwa kwathu kuno, wa ku Zomba mu 1899 ndi wa ku Machinga mu 1981, yonse ndi ma chondrite, ndinaipeza mu Meteoritical Bulletin Database, kaundula wa pa intaneti wa miyala yogwa kumwamba, ndipo ndinanyada ngati ndinatola ndine.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha ka Campo del Cielo ka ku Argentina. Dzinja litangoyamba kuno ku Blantyre kanayamba timadontho tofiira, sabata ziwiri kachita dzimbiri ngati msomali wa pa denga. Ndamva kuti mtundu umenewu ndi khalidwe lake, chabwino, koma wogulitsa sanalembe paliponse, ngakhale kapaketi ka silica gel koyamwa chinyezi sanaikemo. Nditawalembera anayankha patatha masiku ambiri kuti muzisunga pouma, basi. Panopa ndinakapukuta ndi kaburashi ndi spirit, nkukapaka timafuta pang'ono, ndipo timiyala tonse timagona mu botolo lotseka bwino limodzi ndi timapaketi tija timabwera mu nsapato zatsopano. Osagwira ndi manja a thukuta aise, ka Muonionalusta kanayambanso m'mphepete chifukwa ana ankapatsirana.

Chinanso, mitundu ikuluikulu ilipo itatu, ya chitsulo, ya mwala ndi yosakaniza, koma mu bokosimu zitsulo zilipo zitatu, mwala umodzi, wosakaniza palibe. Akanachotsa chitsulo chimodzi nkuikamo ka pallasite, ka mtundu wosakaniza uja, ngakhale kochepetsetsa bwenzi munthu akuona magulu onse ndi maso.

Za maginito ndichenjeze. Kapepala kawo kamanena ngati mwala ukakakamira ku maginito ndiye kuti wapata wa kumwamba, ayi ndithu. Ine ndinadzaza chitini ndi miyala yakuda yokakamira ya m'mbali mwa msewu ndikuganiza kuti ndalemera. Nditakanda kunsi kwa tayilo, kumene kulibe kusalala kuja, ina inasiya mzere wakuda, imeneyo ndi magnetite, ina wofiirira, hematite. Ina inali ndi timabowo ngati siponji, zotsalira posungunula zitsulo, pomwe mwala weniweni wa kumwamba nthawi zambiri sukhala ndi timabowo totero. Chimene chinandithandiza ndi kuika mwala wanga pambali pa weniweni nkumafananitsa, ndipo ntchito yeniyeni ya bokosili ndi imeneyo.

Ngati mukuyamba kumene kapena ndinu aphunzitsi a sayansi, gulani. Ngati mukufuna bizinesi iwalani, timiyala timeneti ndi tofala ndi totchipa. Timapepala tija musataye kapena kusokoneza, mwana wanga anasinthanitsa ka Campo ndi ka Sikhote ndipo ndinachita kukabwereka sikelo kwa mnzanga wosula mphete kuti ndidziwe kapepala ndi ka kati.