Buku ndi labwino zedi koma achimwene aja anandigulitsa lopanda masamba 32

Ndati ndilembe pano mtima ukadali wotentha. Buku lija lachikuto chakuda chokhala ndi sitima ya pamadzi, lomwe achimwene ogulitsa mabuku a m'belo ku Limbe aja analiika pa sitetasi ya WhatsApp sabata yonse, ine ndinagula. K9,000 kuphatikiza ya kondakitala, kutumiza Lachiwiri, Lachinayi ndinakalandira pa siteji pa Nchalo litakulungidwa bwinobwino m'jumbo. Ndisanatumize ndalama ndinafunsa kawiri konse kuti achimwene bukuli ndi lathunthu eti? Iwo amvekere asisi musadandaule, ndaliona ndekha tsamba ndi tsamba. Mawu amenewo muwasunge.

Bukulo nlachingerezi, nkhani yake ndi ya mtsikana amene mchimwene wake anamira pa nyanja ya mchere, iye nkukwera sitima ina yoopsa imene amalinyero ake salankhula dzuwa likalowa, chifukwa usiku anthu omira amabwera kudzagogoda pansi pa sitimayo akuitana mayina. Mwini sitimayo ndi mwamuna wouma mtima, amasunga kaundula wa onse omira ndipo dzina la mchimwene uja lilimo lolembedwa ndi dzanja lake. Ndiye mtsikanayu akumuda, akumuopa, koma tsiku ndi tsiku mtima ukupita komweko. Abale ine ndinkawerenga panja pa mkeka ndi tochi ya pa foni magetsi atathima, kutentha kwa Okutobala kuja koti m'nyumba simulowedwa, udzudzu ukundidya miyendo koma osadzuka.

Chomwe chimandikokera ku mabuku otere ndi choti pa nyanja palibe kothawira. Kuno mwamuna akakuopseza umamanga kachikwama kupita kwa amayi ako, ankhoswe nkukhala pansi. Pa sitima ankhoswe uwatenga kuti, mbali zonse ndi madzi okhaokha, munthu amene ukumuopa ndi yemweyo akupatse madzi akumwa mawa, ndiye chikondi ndi mantha zimaphikidwa mu mphika umodzi ndipo wowerenga nawe umasowa mtendere. Ine nyanja ya mchere sindinaionepo, ndimangodziwa kuti madzi a Shire yathuyi akathira mu Zambezi ku Mozambique amakathera ku Indian Ocean, ndipo ndili mtsikana mu 2010 a Bingu akutsegulira doko ku Nsanje ndinkalota kuti tsiku lina ndidzaona sitima yaikulu ikukwera mtsinje. Koma mantha a madzi ndimawadziwa. Amene munali kuno nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022 kapena Freddy mu Malichi 2023 mukudziwa phokoso la madzi akamabwera usiku iwe osawaona, kungomva. Pamene wolembayo amafotokoza za kugogoda kuja thupi langa linachita tsembwe chifukwa ndinakumbukira madzi akumenya chitseko chathu. Ndipo za mkazi wokhala pakati pa amoyo ndi mizimu kwa ife si zachilendo, agogo ankatiuza za Salima mkazi wa Mbona ku Khulubvi, sindikuti ndi zofanana ayi, zija nzopatulika, koma khutu langa linakula likumva zotere.

Tsopano imvani zomwe zinandichitikira. Usiku wachinayi cha m'ma 11 ndafika tsamba 288, namondwe wafika, mtsikana uja watsegula kaundula ndipo mwamunayo wagwada akuti ndikuuza chilungamo cha mchimwene wako. Kutembenuza tsamba, 321. Ndinaona ngati tulo, ndinabwerera m'mbuyo, kukutumula bukulo, kuunika ndi tochi pakati pa msana wake, mpamene ndinaona guluu wouma ndi timaulusi poonetsa kuti chigawo chonse chinathothoka kalekale, osati m'minibasi ayi. Pa 321 awiriwo ali pa kabwato, sitima yapsa, akugwirana manja, ine osadziwa kuti wanena chani, wakhululukidwa bwanji, amene wayatsa moto ndani. Misozi inalengeza ndithu, masiku anayi ndikudikira malo amenewo.

M'mawa kuwaimbira osayankha. Kulemba meseji, timizere tiwiri tabuluu, zii. Madzulo mpamene akuyankha kuti asisi za m'belo ndi choncho, timagula osatsegula. Ndinati nanga achimwene si inu munati mwaliona tsamba ndi tsamba? Akuti ndiye mumafuna latsopano pa mtengo umenewo? Apa mpamene anandipweteka kwambiri, chifukwa ine sindinapemphe latsopano, chikuto chopindika ndi dzina la mwini wake wakale lolembedwa ndi bolopeni mkati sizinandivute olo pang'ono, ndinangofunsa ngati lili lathunthu ndipo anandinamiza. K9,000 imeneyo kwa ine si ya masewera, ndi ndiwo za masiku angapo.

Ndinene chilungamo, patatha masabata awiri ndili phee anandilembera okha kuti apeza kasitomala wina ku Blantyre ali ndi buku lomwelo, anakajambula masamba aja nkunditumizira. Zithunzi zina zosaoneka bwino, chala chawo chikubisa mizere ya m'munsi, ndipo 305 ndi 306 mulibe mpaka lero, koma ndinawerenga ndikukulitsa pa foni ndipo zomwe mwamuna uja anaulula zinandigwetsa mphwayi, sindiulula pano. Pepani sananene, anangoti asisi mwaona tsopano. Komabe munthu anavutika kukafunafuna, zimenezo ndawayamikira ndipo mkwiyo unatsikako.

Bukulo ndalipatsa nyenyezi zonse zisanu, lili ndi malo achikondi otentha ndiye musasiye poti ana a sukulu alitola. Ogulitsawo ziwiri, mwina zitatu chifukwa cha zithunzi zija. Ndaona aikanso lina la pa nyanja lomwe mtima wanga ukulifuna kale, ndawauza kuti ndalama ndituma akayamba anditumizira vidiyo akutsegula masamba onse manambala akuoneka, komanso 305 ndi 306 ndikudikirabe.