Ndemanga pa maphunziro othana ndi kuzembetsa anthu ku Limbuli

Maphunziro omwe bungwe lina likuchititsa m'midzi yozungulira Limbuli pa nkhani ya kuzembetsa anthu ndi oyenera kuti makolo ndi mafumu azipitako, ndipo ine ndawayamikira kwambiri. Alangizi ake sanalankhule mozungulira. Anafotokoza kuti wozembetsa kawirikawiri amakhala munthu wodziwika pamudzi, amene amalonjeza ntchito ya m'nyumba ku Blantyre kapena ya m'minda ya fodya m'chigawo chapakati, n'kusiyira kholo kandalama kuti lisafunse zambiri.

Chomwe chinandigwira mtima ndi sewero loonetsa mtsikana atakwezedwa pa kabaza m'bandakucha, akudutsitsidwa njira zachidule kulowera ku Milange m'dziko la Mozambique pozemba chipata cha Muloza. Atafika analandidwa foni ndi chiphaso, kenaka anauzidwa kuti malipiro ake akubwezera ndalama ya ulendo, ngongole yomwe simatha. Zizindikiro zimenezi n'zimene ambiri timaziona koma osazitchula. Anatikumbutsanso kuti lamulo la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limapereka chilango cha kundende mpaka zaka 14, kapena 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana, komanso kuti nkhani za ana tingazinene poimba mwaulere pa 116 kapena kupolisi.

Chondidandaulitsa n'chakuti msonkhanowo unachitika m'mawa wa tsiku la ntchito, pomwe amayi othyola tiyi, omwe ana awo amanyengedwanso ndi malonjezo otere, anali kumunda. Timapepala tomwe anagawa tinalinso m'Chingerezi chokha. Ndikupempha kuti ulendo wina adzabwere Lamlungu masana, ndi timapepala ta m'Chichewa.