Miyezi inayi ndikuyamwa yerba mate: zimene adokotala a mano anapeza

Mate ndikunenayu si malovu ayi, ndi yerba mate, chakumwa cha masamba chonga tiyi cha ku South America. Phukusi lake ndinagula m'kasitolo kogulitsa zakudya za ku Latin America kuno ku Manchester. Ndi la theka la kilogalamu, lochokera ku Misiones, kumpoto kwa Argentina, ndipo analemba kuti con palo, kusonyeza kuti masamba anawapera limodzi ndi timitengo take. Ndinagulanso chikho ndi bombilla, kachubu kachitsulo kokhala ndi sefa kunsi komwe amayamwira.

Anandikopa ndi mnzanga wa ku Rosario, ku Argentina konko, amene timagwira naye ntchito ya usiku yosamalira okalamba. Iyeyu usiku wonse fulasiki kukhwapa, chikho kumanja. Ine ndinali wa tiyi wamkaka, shuga masipuni atatu, makapu anayi kusanache. Atamva ndikudandaula kuti nkhama zimatuluka magazi ndikamatsuka mano, anati kwawo ena amati mate amapha tizilombo ta m'kamwa. Ndinati tiyeni tiyese.

Potsegula phukusi, fungo lake linandikumbutsa chigafa cha fodya cha agogo ku Kasungu, udzu wouma ndi kautsi patali. Kulawa koyamba ndinachita tsinya. Kuwawa kwake ndi kwa nimu, ndipo lilime limatsala lokhakhala ngati wadya nthochi yosapsa. Sabata yoyamba dzanja linkapita lokha ku shuga, koma mnzanga uja ankandimenya kuseri kwa dzanja. Pofika sabata yachitatu ndinali nditazolowera.

Nanga tizilombo tija? M'kamwa mwa aliyense muli mabakiteriya a mitundu mazanamazana, ndipo ambiri salakwa kanthu. Wovuta ndi Streptococcus mutans ndi anzake. Amadya shuga n'kutulutsa asidi, asidiyo n'kumakokolola chikuto cholimba cha dzino mpaka libowoke. Masamba a mate ali ndi ma polyphenol ambiri, mankhwala achilengedwe a m'zomera monga chlorogenic acid, ndipo m'labotale madzi ake aonetsapo kuti amafooketsa mabakiteriya ena. Koma m'kamwa si m'mbale ya labotale ayi. Malovu amatsuka chakumwacho posakhalitsa, pamene mabakiteriyawo amabisala m'zomata zija zimakanirira m'mphepete mwa nkhama. Zimenezo amachotsa ndi mswachi basi.

Patatha miyezi inayi ndinapita kwa adokotala a mano. Anandiyasamitsa, n'kuunika, kenako anafunsa kuti, "Mayi, mwayamba kusuta?" Manyazi ake! Kuseri kwa mano apansi kunali kutada bii, ndipo apambali anali atayamba chikasu. Nditafotokoza za mate, anaseka, nati amadetsa mano ngati tiyi wakuda kapena khofi. Komano nkhama anazipeza zauma bwino, magazi palibe, dzino latsopano lobowoka palibenso. Ndinafuna kutama mate, iwo anandifunsa kuti shuga ndikumwa wochuluka bwanji tsopano. Nditawerenga, ndinapeza kuti ndinasiya masipuni 12 usiku uliwonse wa ntchito. Ndiponso ulendo wapitawo anali atandiphunzitsa kutsuka pakati pa mano ndi kaulusi, ndipo ndinkatsatiradi. Ndiye ulemu upite kwa yani? Ine ndikuona kuti mate sanaphe tizilombo. Anangomana tizilomboto chakudya polowa m'malo mwa tiyi wanga wotsekemera. Amene amathira shuga m'chikho, ndipo ku Argentina aliko ambiri, ayiwale phindu limeneli, chifukwa mate sumamwa kamodzi n'kutha. Umayamwa pang'onopang'ono kwa ola lathunthu, mano ali m'shuga nthawi yonseyo.

Pali nkhani ya kubwerekana. Mwambo wake ndi woti mmodzi, amene amamutcha cebador, amathira madzi n'kumayendetsa chikho chimodzi ndi bombilla imodzi kwa aliyense. Ukanena kuti gracias, zikomo wa Chisipanishi, ndiye kuti wakhuta, asakupatsenso. N'zokoma ndithu, zimandikumbutsa chipanda cha thobwa pamaliro. Koma malovu amayenda nawo, pamodzi ndi mabakiteriya ndi kachilombo ka zilonda za pamilomo. Mu 2020, nthawi ya Covid, boma la Argentina linalangiza anthu kuti asiye kubwerekana. Ine ndili ndi bombilla yangayanga. Mnzanga amati ndine wonyada, ndimangoseka.

Cholakwa changa chinali ukhondo. Loweruka lina ndinasiya masamba onyowa m'chikho, Lolemba ndinapeza chachita chuku mkati monse. Ndinataya, n'kugula chadongo chosalala. Bombilla nayo nditaipisa kaburashi munatuluka matope akuda amene sindifuna kuwakumbukira. Pano ndimaiwiritsa sabata iliyonse.

Chimene chinandiopsa kwambiri si tizilombo koma kutentha. Mu 2016 bungwe la IARC, nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linanena kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikhoza kuyambitsa khansa ya kummero, pamene mate wozizira kapena wofunda chabe sanamuike m'gulu limenelo. Ifetu Amalawi khansa imeneyi tili nayo yambiri kuposa mayiko ochuluka padziko, ndipo tiyi timamukonda akuwotcha milomo. Kachubu kachitsulo kamaponyera madzi molunjika kukhosi, lilime lisanachenjeze. Odziwa amati madzi othira akhale a madigiri 70 mpaka 80, osati owira. Ine ndikathira ndimadikira kaye, ndipo kunja kukatentha ndimamwa wamadzi ozizira, monga amachitira ku Paraguay ndi tereré wawo.

Tulo ndiye amathamangitsadi, mpaka ndikamwa itadutsa 4 koloko m'mawa ndimakangogubuduka pabedi mpaka masana. Phukusi limodzi limanditengera pafupifupi mwezi. Lachisanu ndagula lina, koma ulendo uno la masamba oumitsidwa popanda utsi. Ndikamaliza kuyamwa ndimachukucha m'kamwa ndi madzi, ndipo adokotala andilembera tsiku loti akandipale chikasu chija.