Mabuku a Chichewa a kampani yaing'ono ya ku Lilongwe, atakhala teremu imodzi m'manja mwa ana

Nyenyezi 4 mwa 5.

Ndemangayi ikukhudza mabuku 120 amene laibulale ya sukulu ina ya pulayimale inagula mwachindunji kwa kampani yaing'ono yosindikiza mabuku kuno ku Lilongwe, osadzera m'sitolo. Mitu inalipo inayi, uliwonse makope 30: mabuku awiri a nthano a masamba 32 a ana a Sitandade 3 ndi 4, limodzi la ndakatulo la masamba 64, ndi limodzi la nkhani yaitali la masamba 160 la a Sitandade 7 ndi 8. Onse ndi a saizi ya A5. Abwerekedwa kuyambira Januwale mpaka Malichi, m'kati mwenimweni mwa dzinja, ndipo buku limene lapirira chinyezi cha miyezi imeneyi mukhoza kulikhulupirira.

Tiyambe ndi zolembedwazo, chifukwa apa ndiye palibe chodandaula. Chichewa chake ndi chopsa bwino, chosonyeza kuti panadutsa mkonzi wodziwa malamulo a kalembedwe. Kachizindikiro ka pa ng' kali paliponse pamene kayenera kukhala, moti ng'oma siinasanduke ngoma. Mawu aatali amene sanakwane pamzere anawadula potsata maphatikizo, osati kusiyira kompyuta, imene imadula mawu a Chichewa ngati a Chingerezi n'kusiya "nd" kumapeto kwa mzere. Kwa mwana amene akuphunzira kumene kuwerenga ndi maphatikizo, kadulidwe kolakwika kamamuimitsa pakati pa chiganizo. Zithunzi nazo ndi za kwathu: mjigo, nkhokwe, mayi wopeta ndi lichero. Zimenezi simungazipeze m'mabuku a mphatso obwera m'makontena kuchokera kunja.

Pepala ndiye linasintha. Pa kotesheni panalembedwa pepala la bondi la 80gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala: nambala ikakula, pepala limakhala lochindikala), koma mabuku anatuluka pa 70gsm. Akampani anaimba foni asanayambe kusindikiza kunena kuti kwa ogulitsa mapepala kulibe ya 80, ndipo anatsitsako mtengo. Kunena chilungamo kotereku kukuyenera kuyamikiridwa. Pa buku la nkhani yaitali kusiyanako sikuoneka kwenikweni. Pa mabuku a nthano kukuoneka, chifukwa paliponse pamene pali chithunzi cha inki yambiri, mdima wake ukutulukira kuseri kwa tsamba n'kuphimba zilembo. Buku la zithunzi lisamatsike pa 80gsm, ngakhale kudikira kutatalika.

Nyenyezi imodziyo ndaichotsa chifukwa cha kamangidwe ka msana wa buku, ndipo apa ndikhalitsapo. Mabuku a masamba 32 anawamanga ndi mawaya awiri pakati. Zimenezi n'zoyenera ku buku lopyapyala chonchi, koma waya wake wachita dzimbiri ndi chinyezi, ndipo dzimbiri likadya pepala pamene waya analowera, masamba anayi a pakati amagwa onse pamodzi. Pofika Malichi makope 9 mwa 60 anali atagwa pakati. Mankhwala ake ndi osavuta: kuchotsa wayayo n'kusoka ndi ulusi wa nayiloni pa mabowo atatu, ntchito ya mphindi zisanu pa buku. Koma bwenzi zili bwino akanaika waya wosachita dzimbiri kuyambira pachiyambi.

Buku la masamba 160 analimanga ndi guluu wotentha yekha, popanda ulusi. Makope 7 mwa 30 anayamba kutaya masamba. Titang'amba limodzi lowonongeka kale kuti tione msana, zifukwa ziwiri zinaoneka. Choyamba, msanawo anangoudula mosalala osaukanda timipata toti guluu alowemo, choncho guluu anangogwira pamwamba ngati chikhokho. Chachiwiri, pepala analidula mopingasa. Pepala lililonse lili ndi mbali imene ulusi wake unagonera popangidwa, ndipo mbali imeneyi iyenera kutsata msana kuchokera pamwamba kupita pansi. Likadulidwa mopingasa, buku limakana kutseguka bwino, mwana amalipanikiza ndi chikhatho, msana n'kuthyoka. Komanso chinyezi chikalowa, masamba amachita mafunde cha kumsana. Osindikiza amachita zimenezi pofuna kutulutsa masamba ambiri pa pepala lalikulu limodzi, ndipo pamene pepala likusowa chiyeso chake chimakula. Kuyesa kwake n'kwapafupi: tsegulani buku pakati, liikeni pa tebulo. Likamadzitseka lokha mwamphamvu, kapena tsamba la pakati likamasuka mutalikoka pang'ono, musalandire katunduyo. Akampani anatenga makope 7 aja n'kuwasoka mwaulere, anabwera patatha sabata ziwiri, ndipo kuyambira apo palibe lagwa tsamba. Buku la ndakatulo lilibe vuto. Zikuto zonse ndi za kadi ya 250gsm yokutidwa ndi kapulasitiki konyezimira, zimapukutika ndi kansalu.

Katundu anachedwa sabata zitatu, koma wodziwa mmene ntchitoyi ikuyendera masiku ano sangathamangire kuwaloza chala. Pafupifupi chilichonse chimene chimalowa m'buku chimachokera kunja: pepala, inki, mapuleti a makina, guluu, ngakhale kapulasitiki ka pachikuto. Zimabwera pamsewu kuchokera ku South Africa, kapena kudzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo zonse zimalipiridwa ndi ndalama zakunja zimene mabanki akusowa. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chakumapeto kwa 2023 sitima zambiri zinaleka kudutsa pa Red Sea chifukwa cha ziwembu, mtengo wonyamulira kontena n'kukwera. Zipolowe za ku Mozambique pambuyo pa chisankho cha Okutobala 2024 zinaimitsa mathiraki m'njira. Kampani yaikulu imagula mapepala a miyezi ingapo n'kusunga. Yaing'ono imagula pamene oda yabwera, pa mtengo wa tsiku limenelo. N'chifukwa chake kotesheni yawo imagwira ntchito masiku 7 okha, ndipo amapempha theka la ndalama musanaone buku.

Anthu ambiri amaipidwa ndi dipoziti imeneyi, koma ine ndikuti ilipireni, ndipo ilipireni msanga. Ndalama imeneyo ndi imene imagula pepala mtengo usanasinthe. Palinso nkhani ya chiwerengero. Makina aakulu a ofuseti amafuna mapuleti, ndipo mtengo wa mapuleti ndi womwewo kaya musindikize makope 200 kapena 2,000. Oda ikakhala yochepa amapita pa makina a dijito, pamene kope iliyonse imadula chimodzimodzi kuyambira yoyamba mpaka yomaliza. Choncho masukulu asanu a m'zoni imodzi akaphatikiza oda ya mutu umodzi, buku limatsika mtengo kwa onse ndipo wosindikiza amapeza mpata wogula pepala loyenera. Mutu umodzi umodzi n'kumabwera mosiyana nthawi, aliyense amaluza.

Chimene chimapha makampani otere kuposa dola ndi fotokope. Sukulu imagula buku limodzi n'kujambula makope 40 pa kashopu ka pafupi. Lamulo la umwini wa zolemba la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, limateteza mabuku amenewa, komanso mukawerengera bwino, fotokope ya masamba 160 yomangidwa ndi mawaya siitha teremu, pamene buku losokedwa limadutsa m'manja mwa ana zaka zingapo. Wolemba naye sapeza kanthu pa fotokope, ndipo mawa lake salembanso m'Chichewa.

Mabuku onse anayi ali ndi ISBN kumbuyo, nambala yozindikiritsa buku padziko lonse, imene kuno imaperekedwa ndi National Archives ku Zomba. Muziyang'ana nambalayi, chifukwa buku lopanda iyo limavuta kulilowetsa m'kaundula wa laibulale ndi kuliyitanitsanso. Dziwaninso kuti awa ndi mabuku ongowerenga poonjezera, si mabuku a silabasi amene amadutsa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Akampani ananena zimenezi poyera. Kwa abale amene ali kunja, mabuku a makampani ena a kuno monga Kachere, Mzuni Press ndi Luviri Press amapezeka kudzera ku African Books Collective ya ku Oxford, imene imasindikiza buku pamene munthu waliyitanitsa. Kampani ya m'ndemangayi siinafike pamenepo, mabuku ake ndi okatenga pamanja kapena kutumizidwa pa basi.

Kulongedza kwawo kukufunika kukonza. Makatoni anabwera opanda pulasitiki m'kati, ndipo limodzi linanyowa pangodya. Malipiro amalandira kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba, ndipo lisiti amapereka tsiku lomwelo.

Tidzagulanso kwa iwo. Pa oda yotsatira zinthu izi zilembedwe pa kotesheni dipoziti isanaperekedwe: kulemera kwa pepala ndi chochita likasowa, ulusi wa pepala utsate msana, buku lililonse lopitirira masamba 96 lisokedwe ndi ulusi m'magawo a masamba 16 lisanamatidwe guluu, waya akhale wosachita dzimbiri, katoni iliyonse ikhale ndi pulasitiki m'kati, ndipo kope imodzi yomalizidwa iperekedwe kwa ogula kuti aione asanamange otsalawo.