Ndemanga: RabbitMQ ndi debugpy, patatha chaka ndi theka ndikusakira nazo mauthenga osochera

Nyenyezi 4 pa 5, ndipo ya chisanuyo ndifotokoza kumene yatsalira.

Dongosolo limene ndimayang'anira si lalikulu. Kasitomala akagula chinthu pa intaneti, pulogalamu yathu imaponya uthenga mu RabbitMQ, amene ndi broker, kutanthauza pulogalamu yolandira mauthenga, kuwasunga pa mzere (queue) ndi kuwapereka kwa oyenera kuwalandira. Kuseri kuli worker, pulogalamu yogwira ntchito imene uthengawo wapempha, wolembedwa mu Python, amene amalankhula ndi broker kudzera mu library yotchedwa pika. Iye amatola uthengawo, kupanga lisiti ya PDF, n'kuitumiza pa imelo. Zonse zili mu Docker pa seva imene sindinaionepo ndi maso, ndimangolowamo pa SSH. Zinthu zikasokonekera, zida zimene ndimadalira ndi ziwiri: tsamba loyang'anirapo la RabbitMQ, lija limatseguka pa port 15672, ndi debugpy wa Microsoft, chida chofufuzira zolakwika mu code ya Python (debugger), amene ndimamulumikiza ku VS Code, pulogalamu yolemberamo code.

RabbitMQ si wa dzulodzuloli. Anatuluka mu 2007, analembedwa mu Erlang, ndipo zimaoneka kuti amene anakonza tsamba lakelo anavutikapo okha ndi mauthenga. Ukangolemba rabbitmq-plugins enable rabbitmq_management tsamba lija lilipo, palibe china choika. Dziwani chabe kuti dzina la guest limaloledwa kulowa kuchokera pa makina omwewo basi, choncho pangani dzina lanu musanayambe kudabwa kuti n'chifukwa chiyani akukukanani.

Chimene chinandigwira mtima pa tsambali ndi manambala awiri amene amakhala moyandikana pa queue iliyonse: Ready ndi Unacked. Ready ndi mauthenga amene ali pa mzere, sanapatsidwe kwa aliyense. Unacked ndi amene aperekedwa kale kwa consumer (wolandira mauthenga, monga worker wathu) koma iye sanavomereze kuti wamaliza nawo. Poyamba ndinkangoyang'ana Total, ndipo Total sakuuza kanthu. Ready akamakwera pamene ma consumer ali 0, ndiye kuti worker wafa kapena sanadzuke n'komwe. Ready akamakwera ma consumer alipo, ntchito yawachulukira. Koma Unacked akaima pamalo amodzi osasuntha, vuto lili m'manja mwa code yako, broker wachita kale mbali yake. Kusiyanitsa zitatuzi kumanditengera masekondi ochepa tsopano, pamene kale ndinkayamba ndi kuzimitsa ndi kuyatsanso chilichonse.

Nkhani imene inandiphunzitsa zambiri inayamba ndi madandaulo akuti makasitomala ena akulandira lisiti imodzimodziyo kawiri, ena mpaka katatu. Osati onse, koma okhawo ogula katundu wambiri nthawi imodzi. Ndinakayikira kaye mbali yotumiza, poganiza kuti ikuponya uthenga kawiri. Tsamba linanditsutsa pomwepo: mzere wa Publish pa chithunzi cha liwiro la mauthenga unali bwinobwino, koma wa Redelivered (mauthenga operekedwanso kachiwiri) unkadumpha apo ndi apo. Nditapita pa Connections ndinakhala ndikuyang'ana kwa mphindi zingapo. Connection ya worker inkaoneka, kenako n'kuzimirira, n'kubweranso ndi nambala ya port ina. Mu log ya broker munali mzere uwu mobwerezabwereza: missed heartbeats from client, timeout: 60s.

Apa m'pamene ndinaitana debugpy. Ndinayatsa worker wina pa seva yoyeserera ndi python -m debugpy --listen 5678 --wait-for-client, ndinatsegula njira ya SSH ndi ssh -L 5678:localhost:5678, ndipo mu launch.json ndinaika request kukhala attach. Ulendo woyamba breakpoint yanga (chizindikiro choimitsira pulogalamu pa mzere wa code umene wasankha) inangokhala kabwalo kotuwa, kopanda mkati, osagwira. Chifukwa chake chinali pathMappings: pa kompyuta yanga code ili mu foda ina, mu container ili mu /app, ndipo VS Code sangalote kuti mafayilo awiriwa ndi amodzi ngati sunamuuze localRoot ndi remoteRoot. Nditakonza, kadontho kanafiira, ndinatumiza oda yaikulu, worker anaima pa mzere umene ndinkafuna.

Kuona mkati mwa pulogalamu imene ikuyenda pa makina akutali, ma variable onse ali poyera kumanzere kwa sikirini, n'chinthu chimene mpaka lero chimandisangalatsa. Ndinatsegula thupi la uthenga, ndinawerenga ma header, ndinaona kuti redelivered ndi False. Ndinafufuza mndandanda wa katundu, ndinayesa mizere iwiri itatu mu Debug Console. Sindinafulumire. Nditakanikiza kuti apitirize, worker anapanga PDF, anatumiza imelo, atafika pa basic_ack, lamulo lotumizira ack yowuza broker kuti wamaliza ndi uthengawo, anagwa ndi StreamLostError. Atadzukanso, uthenga womwe uja unabwera kachiwiri, ulendo uno redelivered ali True.

Ndinakhala kaye chete, chifukwa ndinazindikira kuti vuto la makasitomala lija ndalipanga ndekha ndi breakpoint. BlockingConnection ya pika imachita zonse mu thread imodzi, ndiye kuti chinthu chimodzi pa nthawi. Nthawi imene callback yako, code imene imagwira ntchito pa uthengawo, ili kalikiliki, palibe amene akuyankha heartbeat, kachizindikiro kamene worker ndi broker amatumizirana posonyeza kuti akadali moyo. Broker amayembekeza kumva kanthu pafupifupi masekondi 30 alionse pamene timeout ili 60, ndipo akaphonya kawiri amaona ngati mnzakeyo wafa, amatseka connection n'kubweza pa mzere uthenga uliwonse umene unali Unacked. Kwa broker, worker amene waimitsidwa ndi debugger ndi worker amene watanganidwa ndi PDF ya masamba ambiri n'chimodzimodzi: onse angoti zii. Imelo inali itapita kale, koma ack sinafike, ndiye broker anachita zimene analonjeza, kuperekanso uthengawo. Sanalakwitse. AMQP 0-9-1 ikamagwiritsidwa ntchito ndi ack imalonjeza kuti uthenga ufika kamodzi kapena kupitirira apo, sinanene kuti kamodzi kokha.

Kukonza kwake kunali pawiri. Ntchito yolemera ndinaisamutsira mu thread ina, thread ya connection n'kutsala yomasuka kuyankha heartbeat, ndipo ack ndimaitumiza kudzera mu add_callback_threadsafe chifukwa connection ya pika saigwira kuchokera mu thread ina mwachisawawa. Chachiwiri, worker tsopano amalemba nambala ya oda mu database akangotumiza imelo, ndipo uthenga ukabweranso amayamba wafunsa ngati lisitiyo inapita kale. Ena amangokweza heartbeat kufika pa 600 kapena kuizimitsiratu ndi 0. Pa seva yoyeserera, pamene ndikufuna kuima pa breakpoint mtima uli m'malo, nanenso ndimatero. Pa seva yeniyeni ayi, chifukwa heartbeat ndi imene imathandiza broker kudziwa msanga kuti worker wafadi.

Ndipo ngakhale mutazimitsa heartbeat, pali wotchi ina imene ikuyendabe. Broker amapatsa consumer mphindi 30 kuti avomereze uthenga, zikadutsa amatseka channel ndi PRECONDITION_FAILED. Mukasiya debugger ataima n'kupita ku msonkhano, mudzapeza zimenezo pobwera.

Kuyambira tsiku limenelo, pa ma consumer ndimakonda logpoint kuposa breakpoint. Umadina ndi batani lakumanja pambali pa mzere, n'kulemba zimene ukufuna kuona, ndipo VS Code amazisindikiza mu Debug Console pulogalamu osaima. Palibe kusintha code, palibe kumanganso image ya Docker chifukwa cha print mmodzi. Kwa ine ichi ndicho chinthu chabwino koposa mu debugpy pa ntchito ya mauthenga, ngakhale anthu sachitchula kawirikawiri. Chinanso chothandiza ndi kuika justMyCode kukhala false, kuti uthe kulowa mkati mwa pika mwenimwenimo ndi kuona pamene akudikira pa socket.

Chenjezo limodzi ndilinene mosapsatira. Aliyense amene wafika pa port ya debugpy angathe kuyendetsa code iliyonse pa sevayo, sipafunsidwa password. Mwachibadwa debugpy amamvetsera pa 127.0.0.1 pokha, zimene zili bwino. Koma mu container umakakamizika kulemba 0.0.0.0:5678 kuti ufikeko kuchokera kunja kwa container, ndipo ukaitulutsa port imeneyo mosasamala, watsegulira dziko lonse chitseko. Ine ndimaimangirira ku 127.0.0.1 ya seva, n'kudutsa pa SSH, ndipo ndikamaliza ndimamuzimitsa worker ameneyo. Chimodzimodzinso 15672, siyenera kuonekera pa intaneti.

Vuto lachiwiri linali la mtundu wina. Uthenga umodzi unabwera ndi JSON yoduka. Worker ankalephera kuuwerenga, n'kuchita basic_nack ndi requeue ili True (kuukana n'kupempha kuti ubwerere pa mzere), broker n'kuubweza, worker n'kuutolanso, kuzungulira pomwepo kambirimbiri pa sekondi. CPU inakwera, log inadzaza. Pa tsamba zinkaoneka bwino lomwe: Redelivered ali m'mwamba, Ack ali pansi. Ndinaimitsa worker, ndinagwiritsa ntchito Get messages kuti ndiuone uthengawo ndi maso, ndipo kuduka kwake kunali poonekera, chitsekero chomaliza panalibe. Samalani ndi batani limeneli. Limatoladi uthenga pa mzere monga consumer aliyense, ndipo tsambalo limachenjeza lokha. Mukasankha njira yosabweza, uthengawo wapita. Pambuyo pake ndinaika dead letter exchange (exchange ndi mbali ya broker imene imalandira uthenga n'kuulozera ku queue), kotero uthenga wokanidwa umapita ku queue yakeyake, ndipo header ya x-death imanena queue imene unachokera, chifukwa chake, ndi kangati. Worker sachitanso requeue pa cholakwika chimene sichingadzikonze chokha.

Za memory alarm sindichulutsa. Usiku wina mbali yotumiza inangouma, osagwa, osatulutsa error. Pa Connections panalembedwa blocked, pa Overview bokosi la memory lili lofiira. M'ma version a 3 broker amaletsa otumiza akadya magawo 40 pa 100 a memory ya makina, ndipo amachitanso chimodzimodzi disk ikatsala pang'ono, malire ake achibadwa ndi 50 MB basi, amene ndi ochepa kwambiri pa seva yeniyeni. Lamulo la rabbitmq-diagnostics check_local_alarms limakuuza zomwezo ngati tsamba silikutseguka. Gwero lake linali queue yakale yopanda consumer imene inkangolandira kwa milungu.

Nanga nyenyezi ija yatsalira pati? Malo awiri. Oyamba ndi uthenga wopanda kolowera. Ukalakwitsa chilembo chimodzi mu routing key, keyala ya uthengawo, exchange imalandira uthengawo, n'kuona kuti palibe binding (lamulo lolumikiza exchange ndi queue) yogwirizana nawo, n'kuutaya mwakachetechete. Zinalembedwa mu malangizo, ndipo njira zodzitetezera zilipo: mandatory flag, alternate exchange, komanso mzere wa Unroutable pa Overview. Koma ndikanakonda kuti munthu watsopano azichenjezedwa mokweza, chifukwa amaona publish yayenda bwino n'kumakasaka vuto kwa consumer amene sanalandire kanthu. Pofufuza zotere rabbitmqctl trace_on amathandiza, amakopera uthenga uliwonse wolowa ndi wotuluka ku exchange ya amq.rabbitmq.trace, koma amalemetsa broker, ndiye muzimitseni mukangopeza chimene mumafuna.

Achiwiri ndi kukumbukira. Tsamba loyang'anirapo lija ndi la zimene zikuchitika panopa ndi posachedwapa. Funso loti Lachiwiri lapitalo pakati pa usiku Unacked anali angati silingayankhidwe pamenepo. Muyenera kuyatsa rabbitmq_prometheus, amene amatulutsa manambala pa port 15692, n'kuwasunga mu Prometheus ndi kuwaonera mu Grafana. Si ntchito yovuta, koma ndi ntchito ina, ndipo ine ndinaichita mochedwa, mavuto awiri atadutsa kale opanda mbiri yoti ndibwererepo.

Amene muli ndi ma worker a Python kuseri kwa RabbitMQ, zida ziwirizi zitengeni limodzi, ndipo muyambe mwaika prefetch, malire a mauthenga amene consumer angakhale nawo asanavomereze, kudzera mu basic_qos. Popanda malire amenewa broker amakhuthulira mauthenga onse kwa consumer woyamba kulumikizana, Unacked amafufuma, ndipo manambala aja sakuuzaninso zoona za amene watsamwa. Ife tinaika 1 pa worker wa PDF chifukwa ntchito yake ndi yolemera, ndi 20 pa wotumiza zidziwitso zing'onozing'ono.

Panopa ndikukonzekera kusamukira ku 4.0, imene inatuluka mu 2024 ndipo inachotseratu ma classic mirrored queue. Ma queue athu ofunika ndawasandutsa kale quorum, mtundu wa queue umene unabwera ndi 3.8 ndipo umagwiritsa ntchito njira yotchedwa Raft pogwirizanitsa ma node, ndiye kuti ma broker angapo ogwirira ntchito limodzi. Mu 4.0 quorum queue imasiya kuperekanso uthenga ukabwezedwa maulendo 20, zimene zikanathetsa vuto la JSON yoduka lija palokha. Koma uthenga wofika pa malirewo umatayidwa ngati palibe dead letter exchange, choncho sabata ino ndikuyendera queue imodziimodzi ndi rabbitmqctl list_queues name type policy arguments, kutsimikiza kuti iliyonse ili ndi kotayira kwake tisanakweze version.