Thumba pa kaliyala kapena m'mbali mwa tayala?

Thumba la chimanga la makilogalamu 50 ukalimanga pa kaliyala, kulemera konse kumakhala kumbuyo ndiponso m'mwamba. Tayala lakutsogolo limapepuka, chiwongolero chimayamba kugwedera, ndipo pokwera chitunda njinga imafuna kuimirira ndi tayala limodzi. Ogulitsa makala, omwe amasanja matumba mpaka kupitirira mutu, amazidziwa bwino izi. Lole ikangowadutsa pafupi, mphepo yake imawapendeketsa nthawi yomweyo. Pachitunda ambiri amangotsika n'kumakankha.

Ukagawa chimanga chomwecho m'matumba awiri n'kupachika uku ndi uku m'mbali mwa tayala lakumbuyo, kulemera kumatsikira pansi. Njinga imakhazikika, pokhota imakumvera, ndipo ukaima phazi limodzi limakwana kuichirikiza. Koma matumbawo alingane kulemera, apo ayi uzingokokedwera mbali imodzi ulendo wonse. Njinga imatambalalanso, moti m'kanjira ka m'munda umakodwa m'mapesi, ndipo malegeni akamasuka thumba limakhula masipoko.

Ine ndimasankha m'mbali, ngakhale kumanga kwake kumadya nthawi. Pamtsetse pokha palibe kusiyana: gwira mabuleki msanga, makamaka mvula ikanyowetsa malimu.